Tinjira ta 0.4 tikutuluka 0.2: mmene kabolodi ka pampu kanandidyera masiku anayi

Ntchito yake inali yaing'ono ndithu, kabolodi ka 70 ndi 50 mm koyendetsa pampu ya madzi, kuti thanki ikadzadza pampu izime yokha, madzi akatsika iyakenso. Ndinajambula mu KiCad, pulogalamu yojambulira mabolodi, pakati pali chip ya ATmega328P ija ya miyendo 32 yomata pamwamba, ka relay, ka regulator ndi tina ndi tina. Tinjira, timizere ta mkuwa todutsa magetsi pa bolodi, ta signal ndinaika 0.4 mm, ta magetsi 1 mm. Makina anga odulira mkuwa m'mbali mwa tinjira ndi ka CNC 3018 kaja kotchipa kamene aliyense amayambira, kamayendera pulogalamu ya GRBL, ndipo G-code, malamulo oyendetsa makinawo, ndimapangira mu pulogalamu ya FlatCAM kenako nkutumiza ku makina ndi ina ya Candle. Mabolodi a miyendo yobowola ndadulapo ambiri pa makina omwewa popanda kudandaula, chifukwa kumeneko tinjira timakhala tonenepa, ngakhale biti, kachitsulo kodulirako, idyeko pang'ono palibe amazindikira. Aka kanali koyamba kokhala ndi chip ya miyendo yothinana chonchi.

Bolodi yoyamba itatuluka ndinangoti kakasi. Pakati penipeni tinjira tinalipo koma toonda ngati ulusi, pa kona ya kumanja kumtunda tiwiri tinali titaduka kale, pomwe kona ya kumanzere kumunsi biti inangokanda pamwamba osaboola mkuwa, mita yoyezera magetsi ikungolira pena paliponse pamene ndagusa, kusonyeza kuti mkuwa udakalumikizana. Bolodi imodzi, matenda atatu. Ndinadula yachiwiri, zomwezo. Mnyamata amene ndimagwira naye anangoti "achimwene, pulogalamuyi ndi imene ikunama, tiyeni tisake ina", ndipo kunena zoona nanenso maganizo anga anali omwewo, chifukwa pa sikirini zonse zinkaoneka bho, mizere yodula ikudutsa mwaudongo m'mbali mwa kanjira kalikonse.

Ndisanayambe kutukwana pulogalamu ndinati ndiyeze kaye, poti "toonda" si nambala. Vernier pa kanthu ka 0.2 mm siithandiza, umangodzinamiza. Chimene chinandipulumutsa ndi sikana ya printer yakale ija ili pakona. Ukagoneka bolodi chafufumimba pa galasi nkusikana pa 1200 dpi, pixel imodzi imakhala 25.4 kugawa ndi 1200, kutanthauza 0.021 mm, ndiye umangokulitsa chithunzi nkuwerenga ma pixel. Kanjira ka 0.4 kamayenera kukhala ma pixel 19. Anga pakati pa bolodi ndinapeza 10, pena 11, ndiye kuti 0.21 kapena 0.23. Ku kona yoipa ija 5 kapena 6. Ta 1 mm tija tinali pa 0.8. Apa mpamene ndinayamba kukayika nkhani yoti pulogalamu ikuchepetsa chithunzi, chifukwa ikanakhala scale, ka 0.4 kakataya theka ndiye ka 1 mm nakonso kakanataya theka. Koma tonse tinataya chimodzimodzi, pafupifupi 0.19 mm, kaya ndi konenepa kaya koonda. Chinthu chodya mofanana chonchi mbali zonse ndi biti basi.

Komabe ndinayang'ana zija zosavuta kuti mtima ukhale pansi. Fayilo ya Gerber, imene imanyamula chojambula cha bolodi kuchokera mu KiCad, ukaitsekula ndi Notepad kumtunda kuli mzere wa %MOMM*% kusonyeza kuti ndi mamilimita, ndi wina wa %FSLAX46Y46*% wonena kuti pambuyo pa kadontho pali manambala asanu ndi imodzi, zonse zinali mmalo mwake. Mu G-code munali G21 ya mamilimita, osati G20 ya inchi, ndipo ukasokoneza inchi ndi milimita sulakwitsa ndi 0.19, umalakwitsa ka 25.4, makina amakagunda kumapeto. Ma steps a mota pa milimita iliyonse, $100 ndi $101 mu GRBL, anali 800 onse, ndinayendetsa 100 mm nkuyeza, zinakwana. Ngakhale akanaphonya ndi 1 pa 100 iliyonse, pa kanjira ka 0.4 ndi 0.004 mm chabe, sungaone nkomwe. Izi zonse zinanditengera ola limodzi ndipo sizinatulutse kanthu.

Nkhani yeniyeni ili pa mmene pulogalamu imaganizira. Iyo sidziwa biti imene wamanga pa makina. Imangotenga nambala imene walemba mu bokosi la tool diameter, kuigawa pakati, nkusuntha mzere wodula kutalikira m'mphepete mwa kanjira ndi theka limenelo. Ukalemba 0.1, pakati pa biti pamadutsa 0.05 mm kuchokera m'mphepete. Tsopano ngati biti ikukumba ngalande ya 0.29 mmalo mwa 0.1, theka lake ndi 0.145, ndiye kuti yalowa mu kanjira ndi 0.095. Ndipo kanjira kamadulidwa mbali ziwiri. Zili ngati mizere ya m'munda, khasu likamakulitsa ngalande uku ndi uku, mzere wapakati ndi umene umatha. Ndiye 0.095 kawiri ndi 0.19 uja ndinkamusaka. Mwachidule, chilichonse chimene ngalande yeniyeni yaposa nambala yolembedwa, kanjira kamachitaya chonse.

Nanga 0.1 ndinaitenga kuti? Pa kabokosi ka ma biti. Panalembedwa 30° 0.1 mm, ine nkungokopera. Koma 0.1 imeneyo ndi kukula kwa nsonga yokha, kumapeto kwenikweni, pomwe biti ya V imanka ikula ukamakwera, ndiye ukaimiza kwambiri imakumbanso ngalande yaikulu. Masamu ake ndi a ku sekondale: ngalande ndi nsonga kuphatikiza kuya kawiri kuchulukitsa ndi tan ya theka la ngodya. Pa 30° theka ndi 15°, tan yake 0.268, ndiye 0.1 mm iliyonse imene wamiza imaonjezera 0.054 mm. Pa biti ya 60° imaonjezera 0.115, pa ya 90° imaonjezera 0.2 yathunthu, pa ya 20° ndi 0.035 yokha koma imeneyo kuthyoka sikuchedwa. Ine ndinkadula pa Z, kutanthauza kuya, ya -0.15. Mkuwa wa pa bolodi wamba ya 1 oz ndi 0.035 mm basi, woonda kuposa pepala, ndiye ndinkamiza kuposa kanayi mmene zimafunikira. Chifukwa chake ndi ulesi wakale, nthawi ina bolodi inasiya mkuwa pena, ine nkungoti "tingomiza kwambiri zithe", ndipo nambala imeneyo inakhala mu setting mpaka kalekale. Pa -0.15 ngalande ikanakhala 0.1 kuphatikiza 0.08, kutanthauza 0.18. FlatCAM ili ndi ka calculator ka biti za V kowerengera zimenezi, kanali pompo pa menu nthawi yonseyi, ine sindinakatsekulepo.

Koma 0.18 si 0.29. Panatsala 0.11 yosadziwika kochokera, ndipo imeneyi ndi imene inandigoneka mochedwa tsiku lachiwiri.

Ndinamasula biti nkuiyang'ana ndi kamera ya foni kudzera pa kagalasi kokulitsa, kumbuyo nditaika pepala loyera. Nsonga inali yobenthuka. Ndi maso sungaone, ukaigusa ndi chala imabayabe bwinobwino, koma pa chithunzi kumapeto kunali kophwathalala ngati dzino lobenthuka, ndipo nditaigoneka pa sikana ndinawerenga ma pixel 8, pafupifupi 0.17 mm. Ndinakumbuka kuti sabata yapitayo magetsi anathima ntchito ili mkati, biti ili mu bolodi, ine mmalo mokweza Z kaye ndinapotokola X ndi dzanja kuti ndione pamene yalekezera. Ndikukhulupirira mpamene inathyoka. Carbide ndi yolimba koma siipindika, imangothetheka ngati mbale yadothi. Choipa chake nchoti biti yobenthuka imadulabe, siikuuza kanthu, ndipo ukaika zero, poyambira kuwerenga kuya, umaika pa nsonga yatsopanoyo, ndiye zonse zimaoneka ngati zili bwino pomwe ngalande yakula ndi 0.07. Tsopano tafika 0.25.

Yotsalayo inali kugwedera kwa biti ikamazungulira, ija amati runout. Mota ya 775 ya pa makina amenewa si spindle yeniyeni, ndi mota wamba yomangidwa collet ya ER11, kogwirira biti, kumapeto kwa shaft. Ndinabwereka dial indicator, kachipangizo ka singano koyezera kugwedera, kwa mnzanga wa lathe, kuigusa pa thupi la biti nkuzunguza ndi dzanja, singano inayenda 0.04 mm. Biti yoyenda chozungulira chonchi imakulitsa ngalande ndi mlingo womwewo. 0.25 kuphatikiza 0.04, ndi uyo 0.29. Nditamasula nati ndinapeza fumbi la bolodi litaumbika mkati mwa timing'alu ta collet, komanso mnyamata uja anavomera kuti iye amaika collet mu shaft kaye kenako nkubwera ndi nati, pomwe collet ya ER imayenera kulowa mu nati kaye mpaka imveke kuti tha, kenako zonse pamodzi nkumangira. Sindinamukalipire poti nanenso palibe tsiku ndinamuonetsapo. Titatsuka ndi spirit nkumanga bwino, singano inatsika kufika pa 0.02. Kuchepera apo pa mota imeneyi ndasiya kulota.

Izi zinalongosola pakati pa bolodi. Makona aja nkhani yake ndi ina, ngakhale muzu wake ndi V yemweyo. Bolodi siikhala yosalala, ndipo thabwa la MDF limene ndimagonekapo nalonso linali litafufuma ndi chinyezi cha dzinja. Kuonjezera apo ndinkapanikiza ndi ma clamp m'mbali, zimene zimaipinda ngati uta. Nditapanga probe, kugunditsa biti pa mkuwa malo osiyanasiyana kuti ndiyeze kukwera kwake, pa bolodi yonse ndinapeza kona ya kumanja kumtunda ili pamwamba ndi 0.18 mm kuyerekeza ndi pakati pamene ndinaika zero, ya kumanzere kumunsi ili pansi ndi 0.12. Werengani nokha. Kumtunda biti inkamira 0.33 mmalo mwa 0.15, ngalande nkuonjezera pafupifupi 0.10, kanjira ka 0.21 nkutsala 0.11, ndipo kanthu koonda chonchi guluu wake sagwiranso, biti ikamadutsa imangokasomphola. Kumunsi inkamira 0.03 yokha, yosakwana ngakhale 0.035 ya mkuwa, nchifukwa chake mita inkalira. Ndiye mukuona kuti kumiza kwanga kwa -0.15 kuja kunali kubisa vuto la bolodi yopindika, kulipira kwake nkukhala tinjira.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kuulula chifukwa ndikudziwa si ine ndekha. Pamene ndinkapanga G-code koyamba, ndinali nditalemba 0.3 mu bokosi la tool diameter lija, nambala imene ndimagwiritsa pa mabolodi akale. Nditayang'ana pa sikirini ndinaona kuti pakati pa miyendo ya chip mzere wodula sukulowa, ukungozungulira ma pad onse, timalo ta mkuwa towotcherapo miyendo, pamodzi ngati mpanda umodzi. Miyendo ya chip ya mtundu umenewu, TQFP32, imatalikirana 0.8 mm, ma pad ake ndi pafupifupi 0.55, mpata wotsala ndi 0.25 basi, ndiye biti ya 0.3 singakwanemo ndipo pulogalamu inakana kuilowetsa. Imeneyo inali kundiuza zoona. Ine ndinachita chani? Ndinatsitsa nambala mpaka 0.1 ya pa kabokosi ija, mizere yonse nkuonekera, ine nkumwetulira kuti ndaigonjetsa. Kunama kunayambira pamenepo, ndipo wonamayo sanali pulogalamu. Ma pad a chip pa bolodi yoyamba ija anatuluka 0.36 mmalo mwa 0.55, kuwotcherera pamenepo ukanakhala msokonezo wina.

Kukonza kwake ndinayambira pansi. Thabwa lija ndinalisenga pamwamba ndi end mill, biti ya nsonga yophwathalala, ya 3 mm pa makina omwewo kuti lifanane ndi mmene makina amayendera. Ma clamp ndinasiya, pano ndimamata ndi tepi: masking tape pa thabwa, ina kunsi kwa bolodi, pakati timadontho ta super glue, kukanikiza ndi chikhatho. Imagwira kwambiri ndipo pochotsa umangolowetsa mpeni. Kenako height map mu Candle, mapu a kukwera ndi kutsika kwa bolodi amene makina amatsatira podula. Kawaya kamodzi ka crocodile pa biti, kena pa mkuwa, kupita ku pini ya probe, makina amatsika pang'onopang'ono ndi G38.2 mpaka biti igunde mkuwa nkulemba Z ya pamenepo. Pa bolodi iyi ndinaika madontho 8 ndi 6, kutalikirana pafupifupi 10 mm, zimatenga mphindi zochepa. Tsukani mkuwa kaye, dzimbiri kapena mafuta a zala amapangitsa kuti biti ibaye isanamve kuti yagunda, ndipo ndi njira inanso yobenthulira nsonga. Ndipo chotsani ka crocodile kaja musanayatse mota. Ine ndinaiwalapo kamodzi, waya unakulungika pa spindle ngati ulusi wa pa bobini, mpaka lero mnyamata uja amandiseka nazo.

Chimene ndimaona kuti chinasintha zinthu kwambiri ndi kuyesa biti pa chidutswa ndisanakhudze bolodi yeniyeni. Ndinamanga biti yatsopano ya 30°, nkulemba pamanja ka G-code kodula mizere isanu ya 10 mm, pa kuya kwa 0.04, 0.06, 0.08, 0.10 ndi 0.12, ina chopingasa ina choimirira, height map ili yoyatsa. Wa 0.04 unasiya timadontho ta mkuwa pansi pa ngalande pena ndi pena. Wa 0.06 unali woyera kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Masamu amati pa 0.06 ngalande ikhale 0.132, kuphatikiza runout ya 0.02 ikhale 0.15, koma sikana inandipatsa ma pixel 8, ndiye 0.17. Kusiyanako kaya ndi nsonga imene sinali 0.1 ndendende, ma biti otchipa a khumi mu kabokosi safanana onse, kaya ndi kunjenjemera kwa makina, sindinavutike nazo. Ndinalemba 0.17, imene mkuwa wandiuza, osati ya pa kabokosi kapena ya pa calculator.

Ndi 0.17 mzere unalowa bwinobwino mu mpata wa 0.25 wa miyendo ya chip popanda kunyengerera. Ndinabwereranso ku KiCad nkuika clearance, mpata wochepetsetsa wololedwa, ya 0.25 pa bolodi yonse kuti DRC, chofufuzira zolakwika cha mu KiCad, izindigwira ndisanafike ku makina, ndipo inagwiradi malo atatu pamene kanjira kanadutsa pafupi kwambiri ndi pad. Ma pass, maulendo odula, ndinaika awiri, overlap pafupifupi theka. Apa ena amasokonezeka, amaganiza kuti pass yachiwiri imadyanso kanjira, ayi, yachiwiri imapita kunja, ntchito yake ndi kukulitsa mpata kuti solder isamalumphe ndi kuchotsa timinyenyeswa ta mkuwa totsalira pakati. Yoyamba yokha ndi imene imaweruza kukula kwa kanjira. Feed, liwiro loyendera biti, ndinatsitsa kufika 100 mm pa mphindi, chifukwa ndikathamangitsa mutu wa makinawa umapindikira kumbuyo ndipo m'mphepete mumatuluka manomano.

Bolodi yachitatu pa sikana: tinjira topingasa ma pixel 19, ena 18, makona onse anayi chimodzimodzi. Toimirira 17 kapena 18, ndiye kuti mbali ya X pali kusewera pang'ono, pafupifupi 0.03 mm, nati ya leadscrew ikamasintha kolowera. Ndinamangitsa ka spring ka anti-backlash nati pang'ono ndi kuona coupler, zinachepa koma sizinathe, ndipo ndinazisiya choncho poti 0.37 pa kanjira ka signal palibe amene angalire. Timinga ta m'mphepete ndinapukuta ndi sandpaper yosalala kwambiri ndi madzi pang'ono. Steel wool ndinasiya kale, imasiya titsitsi tachitsulo mu ngalande kenako uzisaka short usiku wonse.

Mwina wina afunsa kuti bola kanjira sikanaduke, vuto lili pati ngati kaonda. Pa signal ya microcontroller zoona, 0.21 imagwira ntchito. Koma pa njira ya current nkhani imasintha. Kanjira ka 0.4 pa mkuwa wa 0.035 kali ndi resistance ya pafupifupi 1.2 ohm pa utali wa mita imodzi, kakaonda theka imakhala kawiri, kutentha kwake pa current yomweyo kawirinso. Ndipo malo oondetsetsa, ngati 0.11 ya pa kona ija, amasanduka fuse imene sunaipemphe, idzapsa tsiku lina bolodi ili kale ku munda kwa kasitomala. Pa bolodi iyi njira zopita ku relay ndinazikulitsa kufika 1.5 mm poti malo analipo ambiri, kuumira mkuwa pa bolodi yodula ndi makina nkopanda nzeru, ukachotsa wochepa biti imakhalitsanso.

Ndinayesakonso pcb2gcode, pulogalamu ina yopangira G-code, tsiku lachinayi, osati chifukwa chokayikira FlatCAM koma kufuna kuona voronoi imene anthu amaitama. Imeneyo mmalo motsata m'mphepete mwa kanjira imadula mzere umodzi pakati penipeni pa tinjira tiwiri toyandikana, mkuwa wonse wotsala nkugawira uku ndi uku. Bolodi imatuluka yooneka ngati chigoba cha kamba, tinjira tonenepa mosalongosoka, ndipo vuto la kuonda limangotha lokha kupatula pothinana ngati pa miyendo ya chip pamene malo ndi omwewo. Pa bolodi ya pampu ngati iyi ikanagwira bwinobwino. Sindinaigwiritse chifukwa mpata pakati pa njira zonse umangokhala ngalande imodzi yopyapyala, ndipo mbali ya relay kumene kukudutsa magetsi a 230 V ndinkafuna mkuwa uchoke wonse pakhale mpata wa mamilimita angapo, ndiye kumeneko ndinachita kukumba ndi end mill. Pa zinthu za RF, za mafunde a wailesi, kapena pamene kukula kwa kanjira kwawerengedwa dala, voronoi musaiyandikire.

Za mtundu wa bolodi pang'ono. Yanga inali FR4, ya galasi mkati, imene imabuntha biti msanga ndipo fumbi lake si lopumira, ndimavala mask ndi kuthira timadontho ta mafuta opepuka pamwamba kuti lisauluke. FR1 ya pepala ndi yofewa, biti imakhalitsa, ukaipeza tenga. Pa FR4 ndaona kuti biti yomweyo ikadula mabolodi angapo ngalande imayamba kukula ndipo timinga timachuluka, ndiye 0.17 uja si nambala yosunga mpaka muyaya. Pano biti iliyonse ili ndi kachikwama kake kolembedwa ndi marker kukula kumene inadula komaliza ndi kuya kwake, ndipo pa G-code iliyonse ndimayamba ndi kamzere ka 5 mm m'mphepete mwa bolodi kunja kwa dera la ntchito, kuimitsa makina, kuyang'ana ndi kagalasi pafupi ndi chidutswa chija cha mizere isanu chimene ndinachikhomera pa khoma.

Bambo eni thanki, amene ndinkawapangira kabolodika, anabwera Loweruka kudzatenga. Anaitembenuza kawiri, nkufunsa kuti "achimwene, mwachedwa nayo chonchi kanthu kakang'ono ngati bisiketi?" Ndinawaonetsa mabolodi awiri oyamba aja ali mu katoni ya zinyalala, iwo anati kwa iwo onse atatu akuoneka ofanana. Biti yobenthuka ija sindinaitaye, ndinaiyeza pa chidutswa nkuilemba 0.22 pa kuya kwa 0.06, ikudula mabolodi a miyendo yobowola kumene mpata ndi waukulu.